Za Anthu a ku New Mexico Ofunafuna Makolo Ao m'Mabuku a Mishoni

Pa masiku a cikondwerero ca mishoni anthu acita cidwi ndi zooneka ndi maso: makoma a chalichi, belu, manda a oyamba nchito, ndi mitengo imene anaoka. Owerengeka okha ndiwo akumbukira mabuku akale osungidwa m'kabati, m'mene analembamo maina a obatizidwa, a okwatitsidwa ndi a oikidwa m'manda. Tsono m'masamba ano tifuna kunena za dziko lina lakutali kumene mabuku otere asanduka cuma coposa makoma, kotero kuti anthu ayenda maulendo atali kukasonkhana cifukwa ca iwo. Dzikolo ndilo New Mexico, cigawo ca kumwera cakumadzulo kwa United States, dziko la mapiri ndi zipululu, limene mtsinje wa Rio Grande ulidula pakati kucokera kumpoto kunka kumwera.

Msonkhano wa asuweni

M'dzikomo, ndi kumwera kwa Colorado koyandikana nalo, muli mbumba za anthu a cinenero ca Cisipanishi, amene makolo ao anayamba kufika kumeneko zaka zoposa 400 zapitazo, Angerezi asanamange mudzi wao woyamba wokhazikika ku America. Anthu awa adzicha okha Hispanos kapena Nuevomexicanos, ndipo ali nao mabungwe ofunafuna cibadwidwe cao. Lakale ndilo New Mexico Genealogical Society, la m'caka ca 1960, limene ligwira nchito ya mafuko onse a m'dzikomo. Lina ndilo Genealogical Society of Hispanic America, la m'caka ca 1988, limene liitana anthu ace ku msonkhano waukuru caka ndi caka. Ndipo lacitatu, Hispanic Genealogical Research Center of New Mexico, likhala m'mudzi wa Albuquerque, nilisindikiza kabuku kochedwa Herencia, ndiko kunena colowa.

Munthu wolowa pa msonkhano wotere aona magome odzala ndi mabuku, ndi mapepala atali olembedwa maina m'mizere yonga nthambi za mtengo. Aona nkhalamba zitanyamula zithunzi za agogo ao, ndi anyamata atanyamula makompyuta. M'cipinda cina mphunzitsi alikulangiza anthu mawerengedwe a zolemba za ansembe akale, pakuti iwo analemba ndi nthenga, nafupikitsa mau ambiri, kotero kuti dzina la María lingooneka zilembo ziwiri. Mlendo safunsidwa za nchito yace kapena za cuma cace. Afunsidwa maina a agogo ace anai ndi midzi imene anabadwira. Ndipo akachula Taos, kapena Mora, kapena Belén, sipapita nthawi wina asanaturutse pepala losonyeza kuti iwo awiri akomana pa kholo limodzi la mbadwo wacisanu ndi ciwiri. Cifukwa cace aitanana primo ndi prima, ndiko kuti msuweni, angakhale aonana tsiku lomwelo. Ndipo sikungoseka iai. Makolo ao anali anthu ocepa, okhala kutali ndi anzao mtunda wa miyezi, nakwatirana okha okha mibadwo yambiri. Cibale cao ncoona.

Nanga adziwa bwanji zimenezi? Tiyambe ndi mafikidwe a makolowo.

Ulendo wa Oñate

M'mwezi wa January 1598, Juan de Oñate, mwana wa mwini migodi ya siliva ya ku Zacatecas m'dziko la Mexico, ananyamuka ndi khamu la anthu, ndi magareta okokedwa ndi ng'ombe, ndi zoweta zikwi zambiri, nalunjika kumpoto. Pa 30 April anaima m'mbali mwa Rio Grande, pafupi ndi pamene pali El Paso tsopano, nalengeza kuti dziko lonse la kutsogoloko ndi la mfumu ya ku Spain. Eni dziko sanafunsidwa kanthu. Eni dzikowo anali anthu olima cimanga, okhala m'midzi ya nyumba zosanjika za dothi ndi miyala, ndipo alendo anawacha Pueblo, popeza mau awa m'Cisipanishi ndiwo mudzi. M'mwezi wa July ulendo unafika pa mudzi wa Ohkay Owingeh, nukhazikika pomwepo. Mudzi wa Santa Fe, umene uli likuru kufikira lero, unamangidwa pambuyo pace, m'caka ca 1610.

Asananyamuke, nduna ya boma inawerenga asilikari a Oñate, nipeza amuna 129. Kalata wa kuwerengako alipobe, ndipo ndiye ciyambi ca mizere yambiri. Wolembayo anachula dzina la munthu ali yense, la atate wace, mudzi umene anabadwira, zaka zace, ndi maonekedwe ace omwe, monga mtundu wa ndebvu ndi zipsera za pankhope. Koma akazi, ana ndi anchito, amene anaposa asilikariwo kucuruka, achulidwa apa ndi apo pokha, ndipo ambiri sachulidwa konse. Pano tiona kale cilema cimene citsata nchito yonseyi: mwamuna wa mfuti alembedwa pamodzi ndi ndebvu zace, mkazi womphikira alibe dzina.

Ndiponso tisayese kuti onsewa anacokera ku Spain. Ambiri anabadwira ku Mexico, Oñate mwini wace pamodzi nao. Ndipo mkazi wace, Isabel de Tolosa Cortés Moctezuma, anali mdzukulu wa Hernán Cortés wogonjetsa Mexico, nakhalanso mdzukulu-tubvi wa Moctezuma, mfumu yogonjetsedwayo. Pakati pa anthu amene anatsata m'caka ca 1600 panali mkazi wina, dzina lace Isabel de Olvera, mwana wa munthu wakuda ndi mai wa mwa eni dziko la Mexico. Iyeyu asanacoke ku Querétaro anamuka kwa woweruza, napempha kalata wocitira umboni kuti ali mfulu, wosamangidwa ndi ukapolo kapena ukwati, poopa kuti anthu angambvute cifukwa ca khungu lace kumene analikunkako. Popeza anaumirira kuti alembedwe, timdziwa kufikira lero. Anzace amene anayenda naye njira yomweyo anaiwalika.

Lamulo la mabuku, ndi moto wa 1680

Mabuku a mishoni sanalembedwa cifukwa ca ofunafuna makolo iai. Msonkhano waukuru wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent, pomaliza nchito yace m'caka ca 1563, unalamula kuti ukwati ucitike pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri kapena zitatu, ndi kuti wansembe asunge buku la maukwati, ndi lina la maubatizo lochula oimirira mwana. Colinga cinali kuletsa maukwati a m'tseri, ndi kudziwa amene ali pacibale. Pakuti ngakhale woimirira mwana pa ubatizo anayesedwa mbale wa mwanayo ndi wa akumbala, wosaloledwa kukwatirana nao. Buku la maliro linaonjezedwa ndi lamulo la m'caka ca 1614. Ansembe a cipani ca Francis wa ku Assisi, amene anadza ndi Oñate namanga mishoni m'midzi ya a Pueblo, anadza nalo lamuloli.

Koma za zaka 82 zoyamba mabukuwo sanatsala. Eni dziko anasauka ndi msonkho wa cimanga ndi nsaru, ndi thangata, ndi kuletsedwa miyambo ya makolo ao. Nkhanza za Oñate pa mudzi wa Acoma m'caka ca 1599, pamene anapha anthu mazana nalamula kuti amuna otsala adulidwe phazi, sizinaiwalika. Ndipo pamwamba pa izi panagwa cilala ndi njala. M'caka ca 1675 bwanamkubwa anamanga akuru a cipembedzo ca makolo 47, nawakwapula, napacika ena. Mmodzi wa okwapulidwawo, Popé wa ku Ohkay Owingeh, anagwirizanitsa midzi ya zinenero zosiyana, natumiza amithenga ndi zingwe za mfundo, kuti pomasula mfundo imodzi tsiku ndi tsiku onse adziwe tsiku la kuuka. Pa 10 August 1680 anauka. Anafa atsamunda monga 400, ndi ansembe 21. Otsala monga 2,000 anathawira kumwera ku El Paso. Machalichi anatenthedwa, ndi mabuku ao, ndi akalata a boma a ku Santa Fe. Mboni zinanena pambuyo pace kuti Popé anauza anthu asambe m'mitsinje kucotsa ubatizo, nataye maina acilendo. Wofunafuna makolo alira cifukwa ca motowo, ndipo sitimtsutsa. Koma kwa otenthawo mabuku aja anali cingwe cowamangirira ku msonkho ndi ku dzina losati lao.

Patapita zaka 12 Diego de Vargas anabwera kudzaona dzikolo, ndipo kumapeto kwa 1693 analanda Santa Fe ndi nkhondo. Ena a mabanja akale anabwera naye; ena anaopa, nakhalira kumwera. Mabanja atsopano anadza kucokera ku Mexico City m'caka ca 1694, ndi ku Zacatecas m'caka ca 1695. Panali ngakhale Afalansa, otsala a ulendo woonongeka wa La Salle, monga Jean L'Archevêque ndi Jacques Grolet. Malilime a anansi ao anapotoza maina ao, ndipo zidzukulu zao zichedwa Archibeque ndi Gurulé kufikira lero. Kuyambira nthawi imeneyo mabuku a mishoni ayambanso, ndipo angakhale ena anatayika ndi madzi, mbewa ndi kusasamala, ambiri alipo.

Wansembe amene analunzanitsa mizere

Munthu amene dzina lace licuruka kumveka pa misonkhano ija ndiye Fray Angélico Chávez. Anabadwira ku Wagon Mound m'caka ca 1910, nadzozedwa unsembe ku Santa Fe m'caka ca 1937, woyamba mwa ana a New Mexico kukhala wansembe wa cipani ca Francis. Anatumikira m'midzi ya a Pueblo, nakhalanso wansembe wa asilikari pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Anali wolemba ndakatulo ndi wojambula, ndipo nchito ya mibadwo inampeza alikufuna cina. Analikulondola mbiri ya cifanizo cakale ca Maria ca m'chalichi ca ku Santa Fe, cochedwa La Conquistadora, ndipo pofunafuna maina a amene anacisunga, anaunjika mapepala a mabanja osawerengeka. M'zaka za m'ma 1930 Arkiepiskopi Rudolph Gerken anali atasonkhanitsa ku Santa Fe mabuku akale a m'mishoni zobalalika. Chávez anawawerenga, nawaika m'dongosolo. M'caka ca 1954 anaturutsa buku lochedwa Origins of New Mexico Families, lochula mabanja a zaka za m'ma 1600 ndi za m'ma 1700, banja ndi banja.

Nanga zaka zija zinapsa anazipeza kuti? Anazipeza m'akalata amene anaturuka m'dzikomo moto usanadze. Bwalo la Mpingo loweruza mirandu ya cikhulupiriro, lochedwa Inquisition, linali ku Mexico City. Ndipo munthu ali yense wocitira umboni pa mlandu wotere anayamba ndi kuchula dzina lace, zaka zace, kwao, ndi mkazi kapena mwamuna wace. Abwanamkubwa ndi ansembe a ku New Mexico anakangana kosaleka, nanenezana kwa akuru ao ndi makalata atali odzala ndi maina. Othawa a 1680 nao anawerengedwa pofika kumwera, mwamuna ali yense ndi a m'nyumba yace. Potero ndeu, miseche ndi mirandu ya anthu akale ndizo zinapulumutsa maina ao. Wofatsa amene sanakangana ndi munthu sanasiya phazi. Chávez anamwalira m'caka ca 1996. Buku lace linali ndi zophonya, monga liyenera kukhala nazo buku loyamba, ndipo ena, monga José Antonio Esquibel, akhala alikulikonza ndi kuonjezapo. Koma palibe ayamba nchitoyi osalitsegula.

Mwa mapepala onse a Mpingo, okondedwa koposa ndiwo ochedwa diligencias matrimoniales, ndiko kuti kafukufuku wa ukwati usanacitike. Mnyamata wofuna kukwatira anapereka pempho lace kwa wansembe. Wansembe anaitana mboni, za mnyamata ndi za namwali, nazilumbiritsa, nazifunsa ngati ziwadziwa awiriwo, kuyambira liti, ngati mmodzi wa iwo analonjeza wina kale, ngati ali pacibale. Namwali anafunsidwa pa yekha ngati afuna mwini wace kapena alikukakamizidwa. Tsono lamulo la masiku aja linaletsa ukwati wa abale kufikira mbadwo wacinai. Ndipo m'cigwa ca mabanja owerengeka kunali kobvuta kupeza mbeta yosakhala mbale. Cifukwa cace ambiri anayenera kupempha cilolezo, ndipo pempho lotere linafotokoza cibaleco mbadwo ndi mbadwo kufikira pa kholo limene awiriwo akomana. Pepala limodzi lotere lipatsa wofunafuna mibadwo inai pa kamodzi. Opempha anachulanso zifukwa zao: kuti namwali ndi wamasiye, kuti ndi wosauka, kuti m'mudzimo mulibe wina womkwatira, ndipo nthawi zina kuti ali ndi pakati kale. Mapempho ambiri anatumizidwa kwa Episkopi wa ku Durango m'dziko la Mexico, ulendo wa masabata ambiri, pakuti New Mexico inali m'manja mwace kufikira anafika Jean-Baptiste Lamy m'caka ca 1851. Ndipo mapepala a ku Durango anayamba kusindikizidwa m'zaka za m'ma 1990.

Misampha

Ophunzitsa pa misonkhano acenjeza oyamba kumene kuti dzina la banja lisawanyenge. Mkazi sanasintha dzina lace pokwatiwa, ndipo ici cithandiza. Koma m'zaka zakale mwana anakhoza kutenga dzina la atate wace, kapena la amace, kapena la agogo, kotero kuti ana a mimba imodzi anakhoza kukhala ndi maina osiyana. Maina atali anafupika: Durán y Chaves linasanduka Chávez, Lucero de Godoy linasanduka Lucero, Montes Vigil linatsala Vigil, ndipo ambiri a mbumba ya Martín Serrano achedwa Martínez tsopano. M'mudzi umodzi munakhoza kukhala a Juan Martín anai, onse okwatira a María.

Ngakhale akalata a boma anama. Juan Páez Hurtado, amene anatsogolera ulendo wa ku Zacatecas wa 1695, anapatsidwa ndalama za mfumu monga mwa ciwerengero ca mabanja. Tsono mndandanda wace unalunzanitsa anthu osakhala pacibale, nuwayesa mwamuna ndi mkazi wace, kapena kholo ndi ana, kuti ndalama zicuruke. John B. Colligan anaulula bwino cinyengoci m'buku la m'caka ca 1995. Amene akhulupirira mndandandawo osauyesa ndi mabuku a mishoni adzipatsa makolo amene sanakhala banja ndi kale lonse. Ndipo m'caka ca 1870, dziko lili kale m'manja mwa United States, bwanamkubwa William Pile analola kuti akalata akale a Cisipanishi a m'nyumba ya boma aturutsidwe ngati zinyalala. Ena anagulitsidwa kwa a masitolo kukhala okulungira katundu, ndipo angakhale anthu anadandaula ndi ambiri anabwezedwa, si onse iai.

Cimene mabuku aulula

Tifika tsopano pa cinthu cimene cilemetsa mitima pa misonkhano ija. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene azungu olankhula Cingerezi anacuruka m'dzikomo nayamba kunyoza eni cigwa kuti ndi osanganikirana mwazi, osayenera kudzilamulira, ambiri a Nuevomexicanos anadzichinjiriza ndi kudzicha Spanish Americans, nanena kuti iwo ndiwo zidzukulu za ankhondo a ku Spain, a mwazi wosasanganiza. Mau awa anawathandiza pa masiku obvuta, New Mexico isanalandiridwe kukhala cigawo cokwanira ca United States m'caka ca 1912. Ndipo ana anakula nao ngati coonadi. Ambiri amene ayamba kufunafuna makolo ayamba ndi ciyembekezo ca kupeza mkuru wa nkhondo wa ku Castile.

Ampezadi nthawi zina. Koma ansembe ndi owerenga anthu a masiku a Spain anali ndi cizolowezi ca kulemba mtundu wa munthu pambali pa dzina lace: español, indio, mestizo, mulato, coyote. Kalembera wa 1790 adzala nao mau awa. Wolondola banja limodzi aona kuti mau awa sanakhazikika: munthu wolembedwa mestizo pa ubatizo alembedwa español pa ukwati, atapeza nkhosa ndi munda. Mtundu unatsata cuma ndi ulemu monga momwe unatsata mwazi. Aonanso ana ambiri olembedwa kuti akuwabala sadziwika, kapena kuti anapezedwa pakhomo pa uje. Ndipo kawiri kawiri mwini khomo lomwelo ndiye anali atate.

Pansi pa onse panali anthu ochedwa genízaros. Kuyambira 1542 lamulo la mfumu ya ku Spain linaletsa kuyesa eni dziko akapolo. Koma panali khomo lina lotseguka, ndilo kuombola. Mafuko a m'zidikha ndi m'mapiri anagwirana pa nkhondo, ndipo a Comanche ndi a Ute anadza ndi ogwidwa ao ku misika ya ku Taos, Pecos ndi Abiquiú, pamodzi ndi zikopa za njati, nawasinthanitsa ndi akavalo, mipeni, nsaru ndi cimanga. Atsamunda nao anamuka kukagwira. Ogwidwawo anali makamaka ana ndi akazi, a Apache, Navajo, Pawnee, Paiute ndi ena. Wogula anati waombola moyo wa mwanayo, nalonjeza kumphunzitsa cikhulupiriro. Mwanayo anabatizidwa, napatsidwa dzina la Cikristu, ndi kawiri kawiri dzina la banja la mbuye wace, natumikira m'nyumbamo kubweza dipo lace, zaka zimene mbuyeyo ndiye anaziwerenga. Atsikana ambiri anabala ana a ambuye ao. Amene anamasulidwa anapatsidwa malo m'malire a dziko, kumene nkhondo iyambira kufika, kuti akhale linga la midzi ya atsamunda. Motero mudzi wa Abiquiú unapatsidwa kwa a genízaros m'caka ca 1754 ndi bwanamkubwa Tomás Vélez Cachupín. Akatswiri ena awerengera kuti pakutha kwa zaka za m'ma 1700 munthu mmodzi mwa atatu a m'midzi ya atsamunda anali wa mtundu uwu.

Mexico itadzilamulira m'caka ca 1821, maina a mitundu anacotsedwa m'mabuku, ndipo dzina lakuti genízaro linatsala mau otukwana nao mwana wosamvera. Koma kugwira ana sikunaleka. Kunakula pa nkhondo za a Navajo za m'ma 1860, ndipo nyumba ya malamulo ya United States inacita kuika lamulo lina m'caka ca 1867 loletsa kusunga anthu pa nchito ya ngongole, makamaka cifukwa ca New Mexico. David Brugge, amene anawerenga maubatizo a a Navajo m'mabuku a Mpingo kuyambira 1694 kufikira 1875, anaonetsa kuti ciwerengero cao cinakwera pa zaka zomwezo zimene kunali nkhondo. Buku la ubatizo, losalembedwa kuti likhale mboni ya malonda a anthu, linakhala mboni yace yoposa zonse. M'caka ca 2007 nyumba ya malamulo ya New Mexico inabvomereza a genízaros kuti ali mwa eni dziko.

Masiku ano kwadza mboni yina, ndiyo kuyesa kwa DNA, kumene munthu atumiza malobvu ace napimidwa cibadwa cace. Pa misonkhano nkhani yace idzaza cipinda. Cimene cioneka kawiri kawiri ndi ici: mzere wa atate, wotsata amuna okha okha, ubwerera ku Europe; mzere wa amai, wotsata akazi okha okha, ubwerera kwa eni dziko a America. Ndiwo akazi aja osalembedwa m'kalata wa 1598 ndi m'akalata otsatira. Ena alandira mbiri iyi ndi cimwemwe, ena ndi manyazi, ndipo ena apeza kuti wogula ndi wogulidwa onse awiri ndiwo makolo ao. Alipo amene afulumira kudzicha a Navajo kapena a Comanche cifukwa ca pepala la DNA. Koma mafukowo ali ndi malamulo ao a kulandira munthu, ndipo sawerenga malobvu. Ife tiyesa kuti acita bwino amene anena cimene cili coona, kuti kholo lao linacotsedwa kwao lili mwana, osadzitengera pfuko limene silinawalera.

Za minda

Nchitoyi si ya kukondweretsa mtima kokha. Mafumu a ku Spain, ndi boma la Mexico pambuyo pao, anapatsa midzi malo akuru: munda wa banja liri lonse m'mbali mwa mfuleni, ndi mapiri ndi mabusa a mudzi wonse pamodzi. Pangano la Guadalupe Hidalgo la 1848, limene linapereka dzikolo kwa United States, linalonjeza kuti cuma ca eni cidzasungidwa. Koma mabwalo atsopano anafuna mapepala ndi malire oyesedwa, m'cinenero cimene eni sanacidziwa. Ndipo bwalo la mirandu ya malo limene linakhala kuyambira 1891 kufikira 1904 linabvomereza maekala monga 2 miliyoni okha mwa oposa 30 miliyoni amene anthu anati ndi ao. Mabusa ambiri analowa m'nkhalango za boma, ena m'manja mwa odziwa malamulo. Midzi ina inasungako malo ace, ndipo wofuna kuwerengedwa wolowa nyumba m'menemo ayenera kuonetsa kuti ali mdzukulu wa amene anapatsidwa poyamba. Potero pepala la ubatizo la zaka 200 likhoza kupatsa munthu mau pa bwalo la mudzi lero.

Koma ofika pa kholo logwidwa sapeza pepala lina kutsogolo kwace. Wansembe analemba tsiku, nalemba kuti wabatiza mtsikana wa zaka monga zisanu ndi cimodzi, wa pfuko lakuti, woomboledwa, wa m'nyumba ya uje, nachula dzina limene anampatsa ndi la womuimirira. Dzina limene amace anamuitana nalo sanalilemba, kapena cigwa cimene anamtengako. Pa mapepala atali aja a pa msonkhano, pamwamba pa dzina la mtsikanayo, malo awiri a atate ndi amai akhala oyera. Ena alembapo dzina la pfuko lokha, Navajo kapena Apache, monga analilemba wansembe.